Lichero la Ama NyaMphande

Mwezi uno tsamba la mpingo wathu likukumbukira Ama Kettie NyaMphande, amene anatisiya chilimwe chathachi. Sanali mkulu wa mpingo, sanalalikirepo pa guwa, ndipo zaka zawo zomaliza sankavala n'komwe yunifolomu ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Komabe tsiku la maliro awo sukulu inaweruka msanga, pakuti aphunzitsi anadziwa kuti akapanda kutero ana athawa okha. Amene munabwera kuno posachedwa mwakhala mukufunsa kuti mayi ameneyu anali ndani. Nayi mbiri yawo, monga tinaionera ndi monga ankaifotokozera eni ake, kawirikawiri akuseka.

Kettie anabadwira ku Usisya m'chaka cha 1952, nthawi imene mlendo ankafika kumeneko pa bwato kapena osafikako n'komwe. Anali mwana wa manja achangu. Asanafike msinkhu wosenza ndowa ankadziwa kale kusenda chinangwa, kuchiviika m'madzi, ndi kuzindikira pochidina ndi chala kuti chafewa ndipo kuwawa kwatha. Nyimbo akaimva kamodzi Lamulungu, Lolemba ankaiphunzitsa anzake kuchitsime. Koma sukulu inamukana. Zilembo za pa bolodi sizinkakhala malo amodzi, ankati akaziyang'ana zinkasinthana mipando ngati ana osamvera. Anabwereza kalasi yoyamba mpaka anzake anayamba kumutcha gogo wa kalasi, ndipo aphunzitsi atatopa ndi kukwapula anamukhazika kumbuyo kwenikweni, pamene ankasungira matsache. Masiku amenewo palibe ankadziwa kuti mwana akhoza kukhala wanzeru zilembo n'kumamuvuta. Mwana wotere ankati ndi waulesi, apo ayi walodzedwa. Tsiku lina bambo ake anangoti, "Basi, wakwana, kathandize amako kumunda." Mtsikanayo anavomera mwaulemu, n'kukalirira m'munda wa chinangwa momwe munalibe womuona.

Atakula anakwatiwa ndi Ada Zebron Longwe, msodzi wanthabwala amene ankayamba kuseka asanamalize nkhani yake. Anabwera nawo pa sitima n'kumanga kuno, kumpoto kwa Chintheche, kufupi ndi kumene msewu umalowa m'minda ya labala. Kunoko ndi kumene anavekedwa yunifolomu ya Umanyano: siketi yakuda, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Ankakonda kunena kuti amenewo ndiwo mayeso oyamba amene anakhoza m'moyo wawo, ndipo zovalazo ankazisita ndi simbi ya makala mpaka mkwingwirima womaliza utagonja. M'tchalitchi ankagwira buku la nyimbo ngati wina aliyense. Ochepa ankadziwa kuti akuimba za pamtima, ndi kuti Ada Longwe ndiwo ankawatsegulira tsamba loyenera mapemphero asanayambe, n'kuikapo kaudzu.

Ali ndi zaka za m'ma makumi anayi kunabwera sukulu ya kwacha, yophunzitsa akuluakulu kuwerenga. Anapitako ndi mtima wonse, koma pensulo inawatulutsa thukuta m'manja ndipo zilembo zinayambiranso kuvina kwake kwakale. Masana ena akuyanika ufa wa chinangwa wophikira kondowole pa mphasa, anajambula ndi chala chilembo choyamba cha dzina lawo, chachikulu ngati chikhatho, n'kuchitchula mokweza. Anafafaniza, n'kujambulanso. M'mawa mwake chilembocho chinali chikadali m'mutu, chitakhala phee. Kuyambira pamenepo mphasa inasanduka bolodi lawo. Ada Longwe ankakhala pambali akusoka ukonde, kuwatchulira zilembo, kenako n'kumauza anansi kuti, "Kwathu lero tikudya dzina langa, mawa tidya la abusa." Patatha chaka ndi miyezi Ama NyaMphande ankawerenga Baibulo okha, pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje podumpha miyala. "Mutu wanga ndi wouma," ankatero, "koma Mulungu anandibisira nzeru m'chala."

Mayesero sanawalambalale. Anaika m'manda mwana wawo wamkazi, patapita zaka zochepa anaikanso Ada Longwe, ndipo ana aamuna awiri otsalawo analowera ku Joni kukasaka ntchito monga amachitira anyamata ambiri akuno. Chisoni chinawapweteka kwambiri, koma sanachiike pa msika. Ankalima chinangwa chawo, kuzonda odwala, ndipo Lachinayi lililonse ankakhala woyamba kufika ku Umanyano.

M'chaka cha 2018 kusukulu yathu ya pulayimale kunayamba kubwera a Francis Kachale ochokera ku Dedza, mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Anali yekha pa sukulu zambirimbiri, njinga yake yakapalasa inali itatopa kuposa mwini wake, ndipo kuno ankatha kufika Lachinayi lokha. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi n'kupempha mayi mmodzi woti azimuthandiza Lachinayi ndi kupitiriza ndi anawo masiku enawo. Tonse tinayamba kuyang'ana denga ngati tikuwerenga malata. Kenako kunamveka mawu a Ama NyaMphande kumbali ya amayi, akuitana mphunzitsiyo m'chinenero chakuno: "Asambizi, ine ndinali gogo wa kalasi. Wotereyu mungamufune?" Tchalitchi chonse chinaseka, koma a Kachale anayankha kuti ameneyo ndiye akumufuna.

Anagawana ntchito bwino. A Kachale ankafufuza chimene chikuvuta mwana aliyense. Wina anapezeka kuti samva bwino khutu limodzi, anamusamutsira kutsogolo. Wina maso, anamulembera zopita kuchipatala. Otsalawo, amene zilembo zinkawavinira, ankawatengera pansi pa mtengo wa mango ena akaweruka, ndipo pochoka ankawasiyira Ama NyaMphande zoti achite sabata imeneyo. "Musathamange, ama. Liwu limodzi lokha mpaka likhazikike. Ndipo mwana akalakwa musanene kuti walakwa, nenani kuti tiyeserenso." Ama NyaMphande ankabwera ndi lichero la ufa wa kondowole pamutu. A Kachale ataliona koyamba anawomba m'manja, nati ku koleji anawauza za mchenga, koma ufa woyera pa lichero lakuda ukuonetsa chilembo bwino kuposa choko.

Sikuti zonse zinayenda bwino kuyambira pachiyambi. Amayi akuno akamasefa ufa amakhala mozungulira mphasa, choncho nawonso anakhazika ana mozungulira lichero. Patatha masabata angapo a Kachale anadabwa kuona kuti ana onse okhala moyang'anizana ndi aphunzitsi awo atsopanowo akulemba chadodolido, mwaukhondo ndithu. Ama NyaMphande anaseka mpaka misozi, n'kupempha ana chikhululukiro, ndipo kuyambira tsikulo onse ankakhala mbali imodzi. Panalinso vuto la ana onyambita phunziro lisanathe. Ufa wogwiridwagwiridwawo ankakaupatsa nkhuku zawo, ndipo ankadzitama kuti m'boma lonse la Nkhata Bay mulibe nkhuku zophunzira ngati zawo.

Mwa anawo munali Pempho, mwana wa a Innocent Makwinja a ku Mulanje, amene amacheka makungwa a mitengo ya labala ku esiteti. Pempho anali ndi zaka khumi ndipo chimenecho chinali chaka chake chachitatu mu Sitandade 2. Ankakhala kumbuyo, wamtali kuposa onse, maso pansi. Ama NyaMphande atangomuona anamuzindikira ngati munthu wodziona pa kalilole. Bambo ake sanali munthu woipa, anali atangotopa. Tsiku lina anapeza Ama NyaMphande pa msewu n'kutsika pa njinga.

"Mayi, ndikuthokoza zimene mukuchita. Koma mwanayu sukulu yamukana. Mlongo wanga ku Mzuzu akufuna womulerera khanda. Akalepheranso chaka chino, akupita."

"Ada, mundipatse mpaka potsekera."

"Mpaka potsekera basi. Ine mawu anga ndi amodzi."

"Yewu, zikomo. Inenso anga ndi amodzi," anatero, n'kusenzanso lichero lawo.

Apa ndi pamene panabuka nkhani ya Lachinayi. Phunziro la pansi pa mango linkatha nthawi yomwe Umanyano unkayamba, ndipo kwawo kunali kutali, kosatheka kubwerera kukasintha. Choncho ankapita kusukulu atavaliratu yunifolomu n'kumangirira chitenje pamwamba. Koma chitenjecho sichinkachedwa kupeza ntchito ina, kupukuta mamina a uyu, kuyalira uyo wovala kabudula wong'ambika. Ndipo mwana akakhoza chilembo chimene chamuvuta mwezi wathunthu, sayamba wasamba m'manja asanakukumbatire. Mayi amene kale ankafika woyamba anayamba kufika nyimbo yachiwiri itatha, siketi yakuda ili mbuu ndi tizikhatho ta ufa.

Tcheya wa Umanyano anali Ama Patricia NyaManda, amene anapuma pa ntchito ya unamwino. Tonse tikuwadziwa, ndi munthu wachilungamo, wopatsa, koma amaona fumbi pamene ena saona kanthu, ndipo wotchi yawo ilibe chifundo. Anachenjeza kamodzi, anachenjezanso. Kenako kunachitika msonkhano waukulu wa amayi ochokera m'mipingo yozungulira. Amayi anandanda mzere wautali akuimba, oyera ndi akuda ngati anatuluka m'sitolo, ndipo Ama NyaMphande anafika akuthamanga n'kulowa mumzere kutsogolo kwenikweni kwa alendo. Kumbuyo kwa siketi yawo kunali zikhatho ziwiri zoyera, zala zonse zikuoneka bwinobwino. Zinali za Pempho, amene m'mawa umenewo analemba dzina lake lonse kwa nthawi yoyamba. Alendo anayesetsa kudzigwira, koma nyimbo inaduka pakati.

Komiti inakumana, ndipo Ama NyaManda anapita okha kukanena zimene anagwirizana.

"Anyithu, anzanga, yunifolomu si epuloni. Imeneyi ndi ulemu wa Mulungu ndi wa mpingo. Musankhe: musiye ana Lachinayi, kapena muyambe mwaisunga kaye mpaka mudzakonzeke."

"Asambizi aja amabwera Lachinayi lokha, ama. Ndikapanda kumva zoti ndichite, sabata yonse ndiphunzitsa chadodolido."

"Ndiye mwasankha?"

Munthu wachikulire akauzidwa zosunga yunifolomu amaganiza za maliro ake. Mwambo wathu ndi wakuti mayi wa Umanyano amagonekedwa m'bokosi atavala zoyera ndi zakuda zake, anzake atamuzungulira akuimba. Ama NyaMphande anali atauona mwambo umenewu kambirimbiri ndipo ankaulakalaka, sanabise. Komabe anati, "Mulungu akandiona ndi chitenje sandisokoneza ndi munthu wina. Koma Pempho akapita ku Mzuzu sadzabwereranso m'kalasi." Anapinda siketi, bulauzi ndi duku, n'kuziika pansi pa thiranki.

Lachinayi lotsatira anabwera ku Umanyano mochedwa monga kale, atavala chitenje, n'kukhala pa benchi yakumbuyo pamodzi ndi amayi osavekedwa. Wina atawamvera chisoni anamuyankha akumwetulira, "Kumbuyo ndikudziwako, ndinakulirako." Sanadandaule kwa abusa, sanayende m'makomo kufuna omvera chisoni, ndipo wina akayamba kunena Ama NyaManda pamaso pawo ankasintha nkhani.

Miyezi yotsalayo Pempho ankafika kwa Ama NyaMphande masana aliwonse. Masiku ena zinkayenda, masiku ena zonse za dzulo zinkauluka ndipo mwanayo ankalira n'kukankha lichero. Pamenepo Ama NyaMphande ankamutuma kukathamangitsa nkhuku, akabwerako n'kunena kuti, "Tiyeserenso." Kuchoka pa lichero anafika pa sileti, kuchoka pa sileti anafika pa buku. Pa mayeso otsekera chaka a Kachale anagwirizana ndi aphunzitsi a kalasi kuti Pempho apatsidwe nthawi yoonjezera ndipo asaletsedwe kujambula ndi chala. Aphunzitsiwo anatiuza kuti atamupatsa ndime yoti awerenge anauma ngati chitsa. Kenako chala chinayamba kuyenda pa bondo, milomo inatsatira, ndipo mawu anayamba kutuluka limodzilimodzi.

Tsiku lotsekera sukulu makolo anadzaza bwalo. A Makwinja anabwera ndi magambuti awo a kuntchito, pambali pawo pali mlongo wawo wa ku Mzuzu amene anali atabwera kudzatenga mwana. Ahedi anayamba kuitana mayina a okhoza mu Sitandade 2, kuyambira woyamba. Mayina anapita, anapita, m'manja mukuomberedwa mocheperachepera, mpaka pepala linatsala pang'ono kutha. Ama NyaMphande anali atatseka maso, milomo ikugwedera. Pafupi ndi mapeto penipeni kunamveka kuti, "Pempho Makwinja." Nthungululu imene inalira pamenepo inadzidzimutsa ngakhale mbuzi za kuseri kwa zimbudzi. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi anavina kuzungulira bwalo lonse, ndipo mlendo akanaganiza kuti mwanayo wakhala nambala wani m'dziko lonse. A Makwinja anavula chipewa, anapukuta m'maso, n'kuuza mlongo wawo kuti, "Achemwali, minibasi mukwera nokha."

Tinkaganiza kuti tsopano yunifolomu ituluka m'thiranki, koma sizinatero. Pempho atakwera kalasi kunabwera ana ena pansi pa mango, chaka ndi chaka, ndipo Ama NyaMphande sanaone chifukwa chowasiyira. Ama NyaManda nawonso sanaone chifukwa chosinthira lamulo. Anali amayi awiri ouma mitu mofanana, ndipo chodabwitsa n'chakuti sanadane. Ankapatsana moni wa mwe uli ndi chimwemwe, ankagawana usipa, ndipo miyendo ya Ama NyaMphande itayamba kutupa, amene ankawathamangitsira kuchipatala ndi kuwakalipira akaiwala mankhwala anali tcheya yemweyo.

Chaka chatha mtima wawo unafooka ndipo anagona. Lachinayi lina m'mawa amayi a Umanyano anapita kukawazonda atavala yunifolomu. Ataimba ndi kupemphera, wodwalayo anakodola Ama NyaManda kuti ayandikire.

"Ama tcheya, ndili ndi pempho limodzi."

Ama NyaManda anatiuza pambuyo pake kuti yankho anali atalikonza kale m'njira, ndipo komiti inali itavomereza: yunifolomu abwezeredwe. Anawerama kuti amve bwino.

"Lero ndi Lachinayi. Asambizi afika, ana akudikira, lichero lili kuseri kwa chitseko. Ndani andinyamulire?"

"Ndi zomwezo basi?"

"Zomwezo. Muwakhazike mbali imodzi. Ndipo pali kamtsikana kopanda mano akutsogolo, kamanyambita, mukayang'anire."

Amayi onse anayang'ana pansi. Ama NyaManda anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana siketi yawo yosita bwino, nang'ung'udza kuti anthu ena ngakhale ali pa mphasa sasiya kuvutitsa anzawo. Kenako anasenza lichero. Masana anabwerera kudzapereka lipoti kuti kamtsikana kopanda mano kaja kakhoza chilembo chake, ndipo polankhula ankayesetsa kuima moyang'anizana ndi wodwalayo kuti asaone kumbuyo kwa siketi yawo. Koma anaona, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Anamwalira Lamulungu m'mawa, belu loyamba likulira, mwana wawo wamkulu amene anafika kuchokera ku Joni atawagwira dzanja. Anangopuma mozama ngati munthu amene watula katundu.

Amayi atatsegula thiranki anapeza yunifolomu itapindidwa bwino, koma siketi inali yosachapa. Zikhatho ziwiri zija zinali zitazilala, komabe zinkaoneka. Mayi wina anatenga beseni ndi sopo. Ama NyaManda, amene moyo wawo wonse sanalolepo banga kudutsa pamaso pawo, anamugwira mkono n'kunena kuti, "Muisiye choncho. Akaonetse Mwini wake." Anagonekedwa atavala zoyera ndi zakuda zawo, amayi atawazungulira akuimba monga ankalakalakira. Mawu a Mulungu pamaliropo anawerenga Pempho, amene tsopano ali mu Sitandade 7 ndipo sanabwerezenso kalasi. Anawerenga mosathamanga, chala chikuyenda pa diresi lake, ndipo palibe anayang'ana wotchi.

Abale ndi alongo, m'makalasi athu ana okhala pafupi ndi matsache akadalipo, ndipo a Kachale akadali ndi njinga imodzi. Amene angathe kupatula masana amodzi pa sabata akaonane nawo Lachinayi pansi pa mango, safunsa satifiketi. Mukawapeza kumeneko Ama NyaManda, amene lichero lija analitenga osapempha munthu. Nthawi ya Umanyano sanaisinthe, pakuti lamulo ndi lamulo. Amangofika nyimbo yachiwiri itatha, n'kuyenda pakati pa amayi mpaka pa mpando wawo wa tcheya, siketi ili mbuu ndi tizikhatho ta ufa, ndipo mpaka lero palibe amene walimba mtima kuwasasa.